Mazira a M'chigafa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira lero, amenenso anandilezera mtima pa nthawi imene mtima wanga unali waung'ono koma wodzala ndi kaduka. Ulemu ukhale kwa Iye.

Mpaka pano ndikamva fungo la phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi dzira, ndimabwerera kumudzi kwathu m'mapiri a kufupi ndi Kasakula, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 3. M'mawa nkhungu inkaphimba mapiri, mame ankaluma kumapazi, ndipo utsi wa nkhuni za bulugamu unkatuluka pang'onopang'ono m'udzu wa denga la khitchini. Phala limenelo silinali langa. Linali la mlongo wanga Limbani, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene ankadwala mtima. Atagonekedwa kuchipatala cha ku boma milungu ingapo, madokotala anatibwezera kuti tizimusamalira kunyumba, azimwa mankhwala atadya kaye. Miyendo inatupa, kupuma kunkamuvuta, ndipo chakudya chokha chimene chinkadutsa pakhosi pake chinali phala lothira dzira.

Ine sindinkaona matenda. Ndinkaona bulangete langa lofiira litachoka pamphasa panga n'kukafunda iye. Ndinkaona amayi akumubereka kumsana ndi chitenje, mnyamata wamkulu miyendo ili lendelende, pamene ine ndinkasenza ndowa kuchokera kuchitsime. Lachinayi lililonse azimayi a mpingo ankabwera kudzazonda, atavala zoyera, n'kukhala mozungulira mphasa yake akuimba motsitsa mawu. Ine ntchito yanga inali kuwatengera madzi osamba m'manja. Madzulo tikamapemphera ndinkatseka diso limodzi lokha, n'kumadikira dzina langa pakamwa pa atate. Iwo ankatchula Limbani katatu kapena kanayi, kenaka "ndi ena tonse a m'nyumba muno." Ine ndinali m'gulu la ena tonse. Ku Sande sukulu atatiphunzitsa za abale ake a Yosefe, anzanga onse anawada. Koma ine ndinkawamvetsa.

Chimene chinandipweteka koposa chinali nkhuku. Atsibweni anga anandipatsa msoti wamawangamawanga, monga ankachitira ndi mwana aliyense wa mlongo wawo, kuti ukaswana ndidzasinthitse ndi mbuzi. Chinali chinthu chokhacho padziko chimene ndinkachitchula kuti changa. Koma nkhukuyo itangoyamba kuikira, amayi ankatola dzira lililonse likadali lofunda n'kukaliswera mumphika wa Limbani. Sanandipemphe ngakhale tsiku limodzi.

Choncho ndinakonza chisa m'chigafa cha fodya kuseri kwa khola, chimene chinali chopanda kanthu popeza fodya anali atapita kale kumsika. Ndinayala udzu kuseri kwa ziguduli, ndinaikapo dzira limodzi, ndipo masiku awiri ndinaivundikira nkhukuyo ndi dengu pomwepo mpaka inazolowera. Mazira anasowa pakhomo. Atate anaganizira galu wa oyandikana nawo nyumba, n'kumugenda. Ine ndinkapita kuchigafa ndikaweruka kusukulu, kukagwada ndi kumaona mazira akuchuluka, mtima uli phee.

Limbani anayamba kukana phala. Ankalawa masupuni awiri n'kutembenukira kukhoma, ndipo mankhwala ankamusanzitsa. Tsiku lina ndinaona amayi, munthu amene sankapempha ngakhale mchere, atafunda chitenje kumutu akuyenda khomo ndi khomo kufunsa dzira. Masiku ena ankabwera nalo, masiku ena ankabwera chimanjamanja, chifukwa m'nyengo imeneyo chitopa chinali chitatha nkhuku zambiri m'mudzi. Ndinkadziwa bwino chimene ndikuchita. Ndinkangodziuza kuti iye ali ndi amayi, ine ndikhale ndi nkhuku.

Masana ena amayi anapita kuchigayo, n'kundisiya ndi wodwalayo. Anali atamugoneka pakhonde kuti aothe dzuwa, ndipo ine ndinkasenda chimanga patali, nditamufulatira.

"Achemwali," anandiitana ndi mawu otsika, "nkhuku yanu ija yayamba kufungatira."

Chitsononkho chinandigwa m'manja.

"Ndimaiona ikamalowa m'chigafa. Inunso ndimakuonani, mumayenda ngati mphaka woba usipa." Anaseka pang'ono mpaka kutsokomola. "Musaope, sindinena. Koma ikaswa mudzandipatse kamwanapiye kamodzi. Inu muli ndi zambiri."

"Zambiri ziti?" ndinamukalipira. "Bulangete uli nalo ndiwe. Amayi uli nawo ndiwe."

"Inu mumathamanga," anatero. "M'mawa ndimakumverani mukutsetsereka kupita kusukulu mpaka mapazi anu atasiya kumveka. Mungafune tisinthane?"

Ndinapita kuchigafa, ndinaichotsa nkhuku pachisa ikundijompha m'manja, n'kuika mazira onse asanu ndi atatu m'diresi langa. Amayi anandipeza nditaimirira nawo pabwalo, ufa uli pamutu pawo. Anatula thumba, anatenga dzira limodzi, analigwira pa tsaya, kenaka analiyang'anitsa padzuwa.

"Yafungatira masiku angati?"

"Anayi."

"Ndiye sangadyedwenso. Thamanga ukawabwezere asanazizire."

Nditabwerera ndinayembekeza mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna, chifukwa mwina ukanandichotsera katundu. Koma amayi anali atakhala pamtondo wogoneka, akuyang'ana mapazi anga amene anali atang'ambika ndi chisanu mpaka kutuluka magazi. Anandikokera pamiyendo pawo, ngakhale kuti ndinali wamtali kale, natenga mafuta amene ankadzoza Limbani, n'kuyamba kundipaka m'ming'alu muja mwakachetechete. Manja awo ankanunkha utsi ndi gaga.

"Zayamba liti izi, ine osaona?" anafunsa. Sindinadziwe ngati ankanena za mapazi kapena za mazira. Madzulo amenewo, atate atafika pa "ena tonse," amayi anawadula pakati pa pemphero, chinthu chimene sichinkachitika m'nyumba mwathu. Anangoti, "Ndi Esinatinso." Atate anabwereza, natchula dzina langa.

Lachinayi lotsatira amayi anauza azimayi a mpingo za kusowa kwa mazira, osatchula za ine, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankabwera ndi dzira lomanga pamfundo ya chitenje. Limbani anayambanso kudya. Nkhuku ija inaswa anapiye asanu ndi mmodzi, ndipo iye anasankha kakuda, kopunduka chala, kamene kankagona m'khwapa mwake pansi pa bulangete lofiira lija. Limbani anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chikondi cha amayi chinali ngati phala la mumphika waung'ono, kuti wina akapatsidwa chambiri wina atsala ndi zokanda. Lero ndikudziwa zimene amayi ankadziwa kuyambira tsiku limene Limbani anachoka kuchipatala, koma osandiuza: kuti sadzachira. Ankamupatsa Limbani m'miyezi yochepa zimene ine ndinadzalandira kwa zaka zambiri, mpaka pamene anakalambira m'nyumba mwanga, ine ndikuwapaka mafuta kumapazi. Za masiku amene mlongo wanga anagona ndi njala chifukwa cha ine ndinaziulula kwa Ambuye kalekale, ndipo ndikhulupirira kuti anandikhululukira, pakuti mwini njalayo anali atayamba kale kundikhululukira pakhonde paja.

Inu amene mukuwerenga, ngati m'nyumba mwanu muli mwana wodwala, Mulungu akupatseni mphamvu m'manja ndi kumsana. Akutsegulireninso maso kuti muone mwana wina uja amene waima pakhomo ndi ndowa pamutu, ndipo dzina lake lisasowe m'pemphero lanu. Mtendere wa Ambuye ukhale pa odwala anu ndi pa amoyo anu omwe. Ameni.