Mwala wa a Zuze

Ndikakumbukira a Zuze, ndimamva fungo la ndimu ndi utsi wa makoko a mtedza omwe ankasonkhera moto pakhomo pawo, kuseri kwa nyumba yathu ku Dambe. Anali munthu wobwera, wokhala yekha, ndipo pa unyamata wawo ankaswa miyala ya laimu ku Tanzania. Kumeneko anabwerako ndi mwala woyera wa timabowo tothithikana ngati chisa cha njuchi, umene ankakwechera zidendene posamba.

Ine ndinali kamtsikana kogwiragwira. Tsiku lina ndinauba mwalawo kuti nane ndiyeretse mapazi, ndipo nditakwecha mokwanira unandipulumuka n'kusweka pakati. Mkati mwake munali tizipinda ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi timizere tochokera pakati, tonyezimira padzuwa. Ndinachita mantha. Chidutswa chimodzi ndinachibisa pansi pa nkhokwe, chinacho ndinachiiwala pakhonde pathu.

Sabata yomweyo mng'ono wanga Enelesi anatuluka matuza thupi lonse. Azakhali atatola chidutswa cha pakhonde chija, anachizindikira kuti ndi cha mwala wa a Zuze, ndipo anati ndi chithumwa, bowo lililonse ndi munthu amene a Zuze adadya. Anthu anasonkhana masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuwafunsa a Zuze kuti mwala wawo unafika bwanji pakhomo pa mwana wodwala. Akalephera kuyankha, mudzi awusiye. Yankho ndinali nalo ndine, koma poopa chikwapu sindinaulule.

"Izi ndi nyumba za tizilombo ta m'nyanja yamchere, tomwe tinafa kalekale anthu kulibe," anatero a Zuze. "Matupi adaola, laimu adatsala. Taonani."

Anafinyirapo ndimu, monga ankayesera miyala kuntchito kuja. Mwala unachita thovu, ukulira chapansipansi.

"Ukupuma," anatero azakhali akubwerera m'mbuyo.

Tsiku lomwelo anthu anasasula denga la nyumba ya a Zuze. A Zuze anamanga katundu panjinga kulowera ku Zambia. Podutsa pomwe ndinaima anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa mawu, "Mapazi ayera, mwanawe."

Enelesi anachira. Kuchipatala anati kanali katsabola chabe.

Nditakula, mphunzitsi wina ku koleji anandionetsa chidutswa cha pansi pa nkhokwe chija pa makina okuza zinthu. Zonse zinali monga a Zuze ananenera, tizipinda tija tili chilili, timizere take osafufutika. Chidutswacho chili m'sutikesi mwanga mpaka lero, ndipo ndikamasamba sindiyang'ana mapazi anga.