Kadzidzi wa pachithunzi cha tchalitchi

Inu owerenga, mwana wanga woyamba ndinamutaya chifukwa choopa mbalame ya papepala. Mpaka lero manyazi ndi chisoni sizinandichoke.

M'zaka za m'ma 1970 mwamuna wanga anapeza ntchito kubungwe lina ku Nairobi, ndipo tinkakhala ku Karen. Kumeneko nyumba n'zotalikirana, wopanda galimoto amakhala ngati wandende. Woyandikana nafe anali mayi wachikulire wa ku Holland, namwino wopuma pantchito. Nditabereka Chisomo, mayiwo anabwera kudzaona mwana atanyamula mphatso: chithunzi chakalekale chodindidwa ndi inki yakuda, cha tchalitchi cha m'tauni yakwawo. Padenga panali dokowe ali pachisa, pakhomo galu atagona, ndipo pazenera la nsanja panali kadzidzi.

Ine maso anangothera pa kadzidziyo. Kwathu ku Dedza mbalame imeneyi ikalira padenga, anthu amayamba kufunsana kuti akudwala ndani. Ndiye munthu wabwinobwino n'kubweretsera khanda zoterozo? Ndinathokoza ndi pakamwa pokha, chithunzicho n'kukachiponya kuseri kwa kabati.

Patatha miyezi isanu, bambo ake atapita ndi galimoto kuulendo wa ntchito, Chisomo anatentha thupi n'kusiya kuyamwa. Mayi aja atamva kulira kwake anabwera masana, makiyi a galimoto yawo ali m'manja.

“Mama, twende hospitali,” anatero m'Chiswahili, kundiuza kuti tipite kuchipatala.

Ndinawatsekera chitseko. Mumtima ndinkati mfiti yabwera kudzamaliza ntchito yake. Chithunzi chija ndinachitentha, n'kudikira mwamuna wanga masiku awiri. Pamene ankafika, madzi anali atafika kale m'khosi. Tinathamangira naye kuchipatala, koma anamwalira. Adokotala anati tikanabwera dzana mwana akanachira.

Pamaliro mayi aja analira nafe ngati mbale. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kuwafunsa za chithunzicho. Anati chinali cha malemu amayi awo. Dokowe kwawo ndi madalitso a nyumba imene mwabadwa mwana, galu ndi kukhulupirika.

“Nanga kadzidzi?” ndinafunsa.

Anati ojambula akale ankamuika poimira munthu wokana kuona ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Anzanga, safunsa anadya phula. Mukakhala kwa eni, chimene simukuchimvetsa funsani, ndipo mwana akadwala musamusankhire womuthandiza. Ine ndinatentha kadzidzi wa papepala, koma weniweni ndi uja anatseka chitseko tsiku limene lija.