Waya wa amayi pa nthambi ya mango

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera ku Zobue kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinabwerako awiri okha, ine ndi ababa, poti amayi tinawaika komweko ku msasa. Pamalo pathu tinapeza tchire lokhalokha. Nyumba inapsa kalekale, nkhokwe kunalibe, ngakhale mafuwa sanaoneke. Chimene chinatsala ndi mtengo wa mango umene amayi anadzala atangokwatiwa, ndipo ndi umene unatiuza kuti pano ndi pathu. Tinamanga kanyumba ka udzu pambali pake.

Ababa ntchito yawo inali yosadza mitengo. Nkhondo itatha, ntchito imeneyi inali mbwee, chifukwa mitengo inakula mwachisawawa zaka zonsezo popanda woiyang'ana. Ina inkatsamira madenga, ina inkakola mawaya a magetsi. Tinkakwera kamiyau, lole ya katundu, pamalire n'kukatsikira ku Moatize, kumene nyumba za anthu a njanji zinali zitamira m'mitengo ikuluikulu ya nimu. Ababa analibe mwana wamwamuna, ndiye wokwera kukamanga chingwe kunsonga ndinali ine. Azimayi ankandiseka kuti mtsikana wokwera mitengo sadzakwatiwa, koma zimenezo sizinkandikhudza. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kutentha kwa ku Moatize, thukuta losakanikirana ndi utuchi ndi fumbi la malasha, kukhosi kuli gwa.

Ababa sankadula nthambi asanaimve kaye. Ankaigogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Yamoyo imayankha kuti ngo, yowola m'kati imati phu, ngati dzungu loonongeka. Anandiphunzitsanso kuti nthambi yolemera umayamba kuicheka kunsi, kenaka pamwamba, kuti ikamagwa isang'ambe thunthu. Pankhani ya mitengo sankanyengerera munthu. Tsiku lina dona wina wamasiye anakana kuti timudulire nthambi imene inali pamwamba pa khonde lake, ati malemu mwamuna wake ankakonda kukhala pansi pake. Ababa anamuyankha m'Chinyungwe chawo chothyokathyoka: "Dona, nthambi yowola mukaimvera chisoni, imapita ndi mtengo wonse." Donayo anagwetsa msozi, koma analola. Ine ndinanyadira kukhala mwana wa munthu wolimba mtima chotere, ndipo mawuwo ndinawasunga.

Mango wathu atayamba maluwa, ndinakwera kuti ndione ngati abereke bwino. Pa nthambi yaikulu kuposa zonse, pafupi ndi pamene inkalumikizana ndi thunthu, ndinapeza waya wadzimbiri atamira m'khungwa. Uku ndi uku nthambi inali itatupa ngati chala chomangidwa ndi ulusi. Pamenepo pankatuluka madzi akuda onunkha, nyerere zikulowa ndi kutuluka. Ndinagogoda ndi chikwanje, ndipo inayankha kuti phu.

Ndinatsika msanga kukawauza ababa, ndili ndi chikhulupiriro kuti andiyamika. Iwo sanadzutse ndi mutu womwe pa serote imene ankanola, chida chimene ku Malawi tinkati sowo. Anati akudziwa. Wayayo anamanga ndi amayi masiku omwe tinkathawa, kupachika chimanga cha mbewu monga ankachitira anthu onse kuno, kuti makoswe asachifike. Amayi ankati tibwerera mvula isanagwe, tidzadzale. Chimangacho chinadyedwa ndi mbalame kapena asilikali, koma waya anatsala, nthambi n'kumakula ikumumeza mpaka anaitsamwitsa.

Ndinati ndiye tiidule, mtengo upulumuke. Ababa anati tidula ikatha ntchito ya ku Moatize. Itatha, anati serote yabuntha. Ataninola, anati nthambi yamaluwa sadula. Maluwa atayoyoka, anati tidikire timango tikule, n'kulakwa kutaya chakudya. Ine mtima unkandiwawa zedi, chifukwa zifukwa zomwezi ndi zimene ankazikana kwa anthu ena tsiku ndi tsiku. Kunja tinkapulumutsa mitengo ya eni, kwathu mtengo wa amayi ukufa tikuona. Mango atayamba kulemera, nthambi inawerama ndipo polumikizira panaoneka mng'alu woti n'kulowetsamo chala. Ndinawakokera ababa kuti aone. Iwo anapita kutchire, n'kubwera ndi mphanda, n'kuchirikiza nthambiyo. Mphanda! Chinthu chimene akachipeza pakhomo pa munthu ankaseka mpaka kutsokomola.

Ndinayesa kuwabwezera mawu awo a kwa dona uja. Anandiyang'ana moopsa n'kunena kuti mwana saphunzitsa kholo ntchito. Ndinayesa kusadya, ndinayesa kukhala duu osayankhula, koma zonse zinapita pachabe. Ndiye masana ena, iwo atapita kumalire kukafunsa za kamiyau, ndinatenga serote ndi chingwe n'kukwera ndekha. Ndinali nditangolemba pocheka kunsi kwa nthambi pamene ndinamva mawu awo pansi.

"Lusiya, tsika."

"Ababa, mtengo upitatu uwu."

"Ndati tsika. Manja a amako atsala pamenepo pokha."

Ndinatsika. Sanandimenye, koma chilango chimene anandipatsa chinaposa mkwapulo. Anasiya kunditenga ku Moatize, ndipo serote ankapita nayo kulikonse, ngakhale kutchalitchi ankaisiya kwa anzawo. Ndinkatsala pakhomo ndikuyang'ana mng'alu uja ukukula, ndikudziwa bwino lomwe chochita, koma manja ali omangika. Sindinakwiyepo chotero m'moyo wanga, ndipo mpaka lero ndimati ine ndi amene ndinkanena zoona.

Mvula yoyamba inabwera masana, ndi chimphepo chochokera kumapiri. Tonse awiri tinaima pakhomo la kanyumba kathu tikuonerera. Dothi litafewa, mphanda inatsetsereka. Nthambi inalira kuti tswee, kenaka inagwa, ndipo sinagwe yokha. Inang'amba thunthu kuyambira polumikizira mpaka kumizu, monga mmene ababa ankachenjezera anthu. Mango aawisi anamwazika bwalo lonse m'matope. Theka lotsala linapendekera ku denga lathu, m'kati mwake muli poyera, ndipo ngakhale mwana akanaona kuti palibenso chopulumutsa.

Kutacha anandipatsa chingwe. Ndinakwera, ndinamanga, ndipo tinaugwetsa mtengo wa amayi ndi manja athu, ine misozi ili chuchuchu, osati ya chisoni koma ya mkwiyo. Titamaliza, ababa anagwada pa nthambi ija n'kucheka mbali iyi ya waya, kenaka mbali inayo. Chinatuluka ndi kachidutswa kosafika ndi mkono womwe. Anakapukuta ndi malaya awo n'kukasomeka kudenga, pamwamba pa mphasa yawo. Pamenepo ndinalephera kudzigwira.

"Ndiye kamenekatu mukanadula nthawi ya maluwa, mtengo n'kutsala."

"Ndinkadziwa, mwanawe," anatero, n'kuyamba kutola mango m'matope.

Yankho limenelo linandikwiyitsa zaka zambiri. Akanati sankadziwa, bwenzi nditawakhululukira tsiku lomwelo. Ndinamvetsa mochedwa, nditakula n'kuitenga ntchitoyi kukhala yanga, kuti ababa sanasowe nzeru. Chinawakanika ndi dzanja, chifukwa mtengowo unali wawo. Wometa sadzimeta, ndipo ine ndinataya nyengo yonse ndikuwauza zimene ankazidziwa kale, pamene chofunika chinali munthu wina wa serote yake, wosadziwa amayi, woti abwere adule n'kuwapatsa kachidutswa kawo m'manja.

Lero ku Moatize mwini mtengo akayamba kundipatsa zifukwa, mawa, mkucha, idikire ibereke kaye, sindimuuza mawu aja a ababa. Ndimamufunsa chimene chili pa nthambiyo. Nthawi zambiri pamakhaladi kanthu, msomali wopachikapo nyali, kapena chingwe cha katungwe wa mwana amene kulibenso. Ndimayamba ndadula pamenepo, n'kumupatsa, kenaka ndimagwira ntchito yanga. Mitengo ya pakhomo panga ndimaitanira anzanga, ine n'kuchokapo.

Ababa atamwalira, kachidutswa kaja ndinakatenga, ndipo waya wa amayi akadali momwemo. Koma ndikapita ku Zobue ndi ana anga, timakhala padzuwa, ndipo kuti adziwe pamene panali pathu ndimachita kuwalozera chitsa.