Zingwe za pa Zitini za Amalume

Ndikamva fungo la penti, ndimaona zitini za penti za amalume, chilichonse chili ndi kachingwe pakhosi. Cha buluu mfundo imodzi, chobiriwira ziwiri, chofiira zitatu. Ine ndinkangoti ndi masewera a nkhalamba. Ubwana ndi kupusa ndithu! Maso awo anali ataphimbika ndi ng'ala, mitundu sankaisiyanitsanso, koma ankabisa. Wojambula wakhungu ndani angamupatsenso ntchito?

Chilimwe china amalume sanakhazikike mpang'ono pomwe. Aphunzitsi athu anali atawapempha chithunzi cha mapiri a Viphya choti apachike m'kalasi. Amalume anayamba kujambula mapiri amenewo ali mnyamata, apaulendo akugula zithunzi zawo pamsewu ku Jenda, ndipo lero ndimaona kuti ankadziwa kuti ichi n'chomaliza. Kukhala pansi, kunyamuka, kutuluka panja, kubwerera. Mphepo inkamata fumbi pa thabwa lojambulapo penti isanaume, iwo akuikalipira m'Chitumbuka. Asanaviike burashi, zala zinkayamba zapapasa mfundo.

Koma amayi ndi uve, ayi ndithu, sankamwerana madzi. Tsiku lina amalume atapita kumsika ku Boma, amayi anamasula zingwe zija, zakuda bii, nazichapa ndi sopo, nazimangiranso mmene zinkawagwera m'manja. "Amalume akowa ndi nkhumba," anatero akuseka.

Atabwerako, amalume anapaka thambo lonse la pachithunzicho, mluzu uli pakamwa. Sindinawaonepo atakondwa chotero.

Aphunzitsi atabwera kudzaona, anafunsa kuti, "Bambo, kodi ndi moto wolusa umenewu? Kumwamba kwafiira chomene."

Amalume anandigwira mkono mpaka kundipweteka. "Mphwanga, kumwambako kuli bwanji?"

"Kofiira ngati magazi a mbuzi," ndinayankha modzitama, poti ndinakhoza funso pamaso pa aphunzitsi.

Dzanja lawo linatsikira pa chitini, chala chinapeza mfundo imodzi, chinaipapasanso kachiwiri. Amayi anali pakhomo, akuona chala chimenecho. Amalume anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo," nakhala pansi. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Burashi sanaigwirenso.

Madzulo ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba, kachingwe kamodzi kali m'manja, misozi ili chuchuchu. Ndinaima n'kudabwa. Zingwe zinali zitayera bwinobwino, nanga ankalira chiyani?