Khosi la a Kalekeni

M'mawa uliwonse a Kalekeni ankaimba likhweru popita ku chigafa cha fodya. Sikuti ankakonda nyimbo ayi. Ankatero kuti ine mtengwa wawo ndimve kuti akubwera, ndipatuke m'njira, pakuti kwathu ku Wimbe mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna. Chikwatiwire changa ndinkangowadziwa mapazi ndi likhweru lomwelo.

Anali munthu wa fodya, wosachulutsa mawu, koma nthabwala anali nazo. Mwana wawo Frazer, amene ndi mwamuna wanga, akasoka fodya mokhota, ankamufunsa ngati singanoyo yamwa mowa.

Mu 1957 chotupa chinawatuluka pakhosi. Achipatala anati ndi khansa, nawatumiza ku Halale kumene kunali makina owotcha matendawo ndi kuwala kosaoneka. Frazer anawaperekeza. Anabwerako nthawi yosankha fodya, chotupa chitaphwa, ndipo mudzi wonse unalulutira. Koma likhweru silinamvekenso. Makina aja anawaumitsa malovu, m'kamwa muli gwa ngati tsamba la m'chigafa.

Ndiye chifukwa chake tinakumana maso ndi maso kuseri kwa nkhokwe, ine nditabereka Angelina. Ndisanagwade ndinaliona khosi lija: lakuda bii ngati kunsi kwa mphika, likusupuka, pena pakutuluka madzi.

Apongozi aakazi, a Lusiya, anachita zimene mkazi aliyense wa kuno amachita munthu akamva kuwawa. Ankawathowa ndi nsanza ya madzi otentha, m'mawa ndi madzulo. Frazer anawauza kuti anamwino analetsa madzi otentha, sopo ndi dzuwa, anati pangofunika madzi ozizira ndi kansalu kofewa. Amayi ake anamuyankha kuti azungu awotcha munthu, lero aletsenso kumusamala? Anati iwo athowa ana awo onse, anafa ndani? Frazer anangozyolika. A Kalekeni nawo sanafune kuchititsa manyazi mkazi amene ankawakonda, ankangoluma mano.

Ine pakamwa panga ndi polemera, koma mbale ndinkatsuka ndine. Ndinaona kuti nsima ikubwerako yonse, ndiwo zamchere osazikhudza, kupatula therere limene ankaliyesa pang'ono chifukwa limaterera pakhosi. Ndinayamba kuliphika lopanda chidulo ndi tsabola, ndi phala lamadzimadzi lansinjiro, ndikulisiya lizizire. Frazer ankapititsa. Mbale zinayamba kubwerako zopanda kanthu.

Kuthowa kokha sikunaleke, ndipo khosi linatseguka zilonda. Ndinkamva kubuula ndili pamtondo, osadziwa kuti mtengwa angayambire pati kutsutsa apongozi.

Tsiku lina amuna onse atapita ndi fodya kumsika, a Lusiya anandituma kuti ndibweretse madzi otentha aja. Ndinagwada pakhomo, mphika uli m'manja, ndipo manja anakana kuupereka. Anandifunsa ngati ndamera mizu. M'katimo munamveka mawu osasa a apongozi aamuna.

"Amake Angelina, lowani."

Aka kanali koyamba kundiitana. A Lusiya anafunsa ngati matendawa afika mpaka kumutu, kuti ayambe kuitana atengwa m'nyumba.

"Amayi, khosili analiphika kale ku Halale," anatero a Kalekeni. "Mukaliphikanso mudya ndi ndani? Mwanayu mphika wake auike pansi."

A Lusiya analira, osati mokweza. Anapita okha kumtsuko kukatunga madzi ozizira, nandipatsa chikho kuti ndiwagwirire. Kuyambira tsikulo tinkawasamala awiri. Iwo ankasisita zilonda ndi kansalu konyowa, ine ndinkawamwetsa pang'onopang'ono kuti phala lidutse. Zilonda zinauma, khungu latsopano linamera lotuwa. Ankakhala pamthunzi wa chigafa, chikho chili pambali, akuyang'ana ena akumanga fodya.

Mvula itayamba, chotupa chinabwerera, mbali ina ya khosi. Za ku Halale anakana, anati moto umodzi wakwana. Anawonda mpaka phala lomwe linayamba kuwatsamwa.

Tsiku lomaliza kunali mitambo, anthu ali kumunda kuwokera fodya. A Lusiya anawatsamiritsa pachifuwa pawo, ine ndili chogwada pambali. Milomo yawo inali itang'ambika. Anandiyang'ana, ndipo ndinasendeza khutu kuti ndimve.

"Mwana wanga, kumeza sindingathe. Ingondinyowetsani milomo ndi madzi a mumtsuko aja."