Galimoto Ziwiri za Amalume ku Croydon

Lona lobiriwira lija ndimalikumbukabe, lonunkha oyilo ndi chinyezi. Linali limodzi, galimoto zili ziwiri, ndiye amalume ankalisinthasintha: lero afunditsa Rover, mawa Peugeot 504. Zonse zinali nkhalamba, msinkhu wa amayi, koma ankazisisita ngati makanda kuseri kwa mafulati athu ku Croydon, kuno kudziko la azungu.

Chilimwe chimenecho sukulu itatsekera, amayi ankagwira mashifiti aatali kuchipatala, ine n'kumaswera ndi amalume. Mapepala a amalume okhalira m'dziko muno anali ku imigireshoni, akudikira yankho. Ndinkangomva akuluakulu akuti "mapepala, mapepala" kukhitchini, osalabadira.

Rover inali ya masilinda eyiti. Akailiza chifuwa changa chinkanjenjemera, mpando wachikopa ukuwotcha ntchafu. Pamsewu waukulu inkangoti fyuu! Peugeot, ya masilinda anayi, giya yake ili m'mbali mwa chiwongolero, inkanyamuka mwaulesi ngati munthu wokhuta. Kwa ine mlandu unali utatha kale. Amalume ayi. Ankagona chagada n'kumayeza ndi chikhatho kuchokera pansi kufika pamimba pa galimoto.

"Iyi imathamanga, koma njapansi, petulonso imamwa ngati chidakwa," ankatero. "Iyi njochedwa, koma masipiringi ake, iwe! Msewu wa kwathu ku Ntcheu ingaudutse dzinja lonse, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa."

Ndinkawayankha m'Chingerezi kuti ku Croydon kulibe matope. Ankaseka, amvekere, "Mzungu wanga iwe."

Kunena zoona anali ouma mutu. Amayi ankawauza kuti asiye zitsulozo apitenso kwa loya, iwo n'kumati loya zake ananena kale. Lero ndimaona kuti sankangoyerekeza galimoto. Akawalola kukhala, asunga Rover. Akawakana, apakira Peugeot pasitima yapamadzi, iwo kutsatira.

Loweruka lina ndinapeza bambo wina wachizungu atakhala mu Rover, amalume akumulangiza kuti m'mawa aziyamba watenthetsa injini. Inatuluka pageti ndi kubangula kwake kuja. Peugeot inali itadzaza masipanala, zikwama ndi makina osokera. Amayi anaima pakhomo ndi yunifolomu, maso ali psuu.

Ndinalira zedi, mpaka kumenya chitseko cha Peugeot ndi phazi.

"Mwagulitsa yabwino! Mwasunga yochedwa!" Chichewa changa chinatuluka chonse tsiku limenelo.

Amalume anagwada n'kundigwira mapewa, manja akununkha girisi. "Pepa, mphwanga. Yothamanga ija sikanafika kumene ndikupita."

Ndinawakankha. Sabata yonse yotsatira sindinawalankhule, ngakhale ankandiitana mobwerezabwereza kuti ndikawagwirire tochi pansi pa boneti. Ndinkati alangike kaye chifukwa cha Rover yanga, tidzagwirizana sukulu ikatsegulira. Sindinkadziwa kuti imeneyo inali sabata yawo yomaliza kuno.