Bondo la asewere

Moni nonse, ana anga. M'galimoto tinalimo ine, amayi anu, m'bale wanu Fulanki, ndi asewere aNasimelo omwe tinawapatsa mpando wakutsogolo.

Lero Fulanki amandiyesa pagalimoto yake yowonjezera mphamvu ija, aone ngati ndingayendetse akwati Loweruka. Kuyesa ine, amene ndinkayendetsa ya boma yokoka ndi matayala onse anayi nthawi ya makadi a chipani!

Yakeyi imakankha ndi akumbuyo okha. Pamatope a ku Kaphuka ndaponda moto, matako a galimoto ayamba kuvina. Dzanja lathamangira pomwe pankakhala kagiya kamatope m'galimoto ya boma ija, ndagwira bondo la asewere! Akuwa, "Mayo ine!"

Kenaka ndaponda mofatsa, takwera phiri bwinobwino. Ndiye mukuti ndakalamba?

Titatsika, Fulanki wati, "Ababa, Loweruka muyendetsa ndinu, koma kutsogolo kukhale amayi."